Tisanayambe kuyengera miyala konkuno, kafunseni a ku Kankoyo za senta

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzi yanu ndikambeko za utsi, eya utsi, chifukwa masiku ano kulikonse nkhani ndi ya migodi basi, pa wailesi migodi, pa Facebook migodi, olo pamaliro anthu akumanong'onezana za Kasiya ndi Kangankunde ngati ndalama zake zalowa kale mthumba, ndipo akuluakulu akuti miyala yathu isamatuluke yosayenga tiziyengera konkuno kuti phindu litsale. Zabwino zimenezo ine sindikutsutsa. Koma sindinamvepo olo mmodzi akufunsa kuti nanga chotuluka pa chumuni chija chizikalowa mmphuno mwa ndani.

Ine ndinabadwira ku Mufulira ku Zambia, kufupi ndi malire a Congo. Bambo anga anachoka kuno ku Mchinji ali mnyamata kukafuna ntchito ku migodi ya kopa ngati mmene ankachitira anyasa ambiri nthawi imeneyo, nde tinakulira mu komboni ya Kankoyo, imene inagundana ndi mpanda wa ng'anjo yosungunulira kopa, simelita ija. Amene anakhalako kumeneko ndikangoti senta adziwa kale, mwinanso pakhosi pawayabwa pompano. Kwa amene simukudziwa, senta ndi dzina limene anthu a ku Copperbelt anaupatsa mpweya wa sulphur dioxide, wochokera ku sulufule yemwe uja timamumva mtchalitchi pa nkhani ya Sodomu ndi Gomora, kungoti ife sitinkachita kudikira chiweruzo, ankatipeza tili pa nsima.

Senta sachita kuoneka bwinobwino ayi, nthawi zina kamakhala ngati kankhungu kotuwa kobiriwirako kakukwawa pakati pa nyumba, nthawi zina osaoneka nkomwe ungomva kukhosi ngati wina wakuyatsira machesi mkamwa, malovu kuwawasa, maso kuyamba misozi, kenako chifuwa chouma chija chosatulutsa kanthu. Amayi akangonunkhiza ankakuwa kuti senta senta lowani mnyumba, ife kusiya mpira wachikulunga pabwalo liwiro, iwo kutseka mawindo, kutsekera sanza pansi pa chitseko, kenako kuviika kansalu mu ndowa nkutipatsa aliyense kuti tigwire pamphuno. Mlongo wanga wamng'ono anali ndi mphumu. Usiku wa senta sankagona chogona, ankachezera chokhala atatsamira khoma, mapewa akukwera kutsika, mchifuwa mukulira ngati kamwana ka mphaka, amayi akumukupiza ndi chivindikiro cha poto ngati kuti mpweya akumukupizirawo ndi wina. Mmawa kupita naye ku kiliniki, kupatsidwa mankhwala a chifuwa, kubwerera kunyumba yomweyo mphepo yomweyo. Eni mgodi a nthawi imeneyo sanabwereko olo tsiku limodzi kudzaona, ndipo bambo sakanayankhula kanthu poti nyumba inali ya mgodi, chipatala cha mgodi, ufa womwe umachokera ku malipiro a mgodi. Galu amene wamangidwa pakhomo pa mwini nyama sauwa.

Amayi anali mlimi weniweni wa kuno kwathu, manja awo sankatha kukhala osadzala kanthu, nde chaka ndi chaka ankayesa kadimba kuseri kwa nyumba, repu, tomato, chayinizi. Zimamera bwinobwino kenako senta wa usiku umodzi, mmawa masamba onse ayera mmbali ngati wawathira madzi owira, pakutha pa sabata auma. Dothi lenilenilo linafa, lofiira lopanda olo udzu, moti chimene chinkapirira kumeneko ndi nkhadze, kumeneko amati lunsonga, ndi mitengo ya mapeyala apo ndi apo basi. Malata atsopano zaka zochepa dzimbiri kenako timabowo, mvula ikamagwa mabeseni mbwee mnyumba, penti pakhoma kusupuka. Ife ana tinkayesa kuti dziko lonse ndi mmene lilili. Nditabwera koyamba kumudzi kuno nkuona bonongwe akungodzimerera yekha pa dzala ndinadabwa zedi.

Tsono ndifotokoze pang'ono kuti chimachitika ndi chiyani, poti ena amaganiza kuti ndi utsi wamba ngati wa nkhuni. Mwala wa kopa wa kumeneko umakhala wosakanikirana ndi sulufule, ndipo kuti kopa atuluke amayenera kuutentha mu ng'anjo kuti sulufuleyo apse achoke. Tani imodzi ya sulufule ikapsa imatulutsa matani awiri a mpweya umenewu, nde tangoganizani ng'anjo yogwira usana ndi usiku chaka chonse. Mpweyawo ukakumana ndi chinyezi umasanduka asidi, kaya ndi mame a pa tsamba, kaya mvula ya pa malata, kaya chinyezi cha mmaso ndi mmapapo mwa mwana, kwa iwo nchimodzimodzi. Ndiye chifukwa chake odwala mphumu, makanda ndi nkhalamba ndi amene amayamba kugwa. Ndipo umavuta kwambiri usiku ndi mmamawa nyengo yozizira ya June ndi July, poti mpweya wozizira umakhala pansi osakwera, utsi mmalo mopita kumwamba umangoyala mkomboni ngati bulangete.

Ng'anjo ya ku Mufulira inayamba ntchito mu 1937, atsamunda akulamula, ndipo kwa zaka pafupifupi 70 mpweya umenewu unkangotulutsidwa wonse osagwirako olo pang'ono. Komboni ya antchito akuda anaiika mbali imene mphepo imakonda kupititsa utsi, mabwana nyumba zawo mbali inayo kwa maluwa ndi kapinga, musandiuze kuti zinangochitika mwangozi. Dziko linalandira ufulu mu 1964, migodi inalowa mmanja mwa boma, senta anali yemweyo. Mu 2000 boma linagulitsa mgodiwo kwa kampani ya Mopani imene mwini wake wamkulu anali Glencore ya ku Switzerland, ndipo apa mpamene ndikufuna a Malawi anzanga atchere khutu, mapangano amene boma la Zambia linasainirana ndi ogula migodi nthawi imeneyo anali achinsinsi, anthu wamba sanawaone, ndipo mkatimo makampani anapatsidwa mpata wa zaka kuti azikonza za chilengedwe pang'onopang'ono osaopa chilango. Boma linadzawathetsa mapanganowo mu 2008 koma nthawi yonseyo anthu akupuma chani? Lamulo loteteza mpweya linalipo, bungwe loyang'anira linalipo, koma pepala lina losainidwa mu ofesi ku Lusaka linali ndi mphamvu kuposa zonsezo.

Chomvetsa chisoni nchakuti mankhwala ake a vutoli ndi odziwika kalekale ndipo amabweretsanso ndalama. Mpweyawo mmalo moutaya amaukoka nkuulowetsa mu fakitale ina pambali, asidi pulanti, nkuusandutsa sulphuric acid amene migodi yomweyo imagula posungunula miyala ina, ku Zambia konko ndi ku Congo, enanso amapangira feteleza. Ndiye kuti chimene chinkapha repu wa amayi ndi katundu wogulitsa amene ankangomutaya poti kumanga fakitaleyo kumadula ndipo panalibe wowakakamiza. A Mopani anayamba kukonza ng'anjoyo cha mma 2006, ndipo mu 2014 analengeza kuti amaliza, tsopano akugwira 97 peresenti ya mpweyawo. Kunena chilungamo zinasinthadi, abale amene anatsala kumeneko amati sizili ngati kale lija la tsiku ndi tsiku. Koma 3 peresenti ya chinthu chachikulu ndi yaikulube ukakhala kuti nyumba yako ili kuseri kwa mpanda, komanso 97 imeneyo ndi ya pamene makina onse akuyenda bwino. Asidi pulanti imafuna itenthe kaye kuti igwire ntchito, nde pamene akuyatsa ng'anjo, pamene akuzimitsa, magetsi akathima mwadzidzidzi, kapena china chikaonongeka, mpweya uja ulibe kolowera, umatuluka basi. Maola amenewo ndi amene amagwetsa anthu ndipo ndi amene samaoneka mu malipoti okongola aja.

Pa 31 December 2013 usiku, a Beatrice Mithi, amene anali DC wa Mufulira, bwanamkubwa weniweni woimira boma, anali pa mapemphero olowera chaka chatsopano mtauni momwemo. Senta anafika, iwo anabanika, anakomoka, osadzukanso. Amuna awo anakasuma, kampani inakana nkumati mayiwo anali kale ndi matenda awo, koma mu 2016 khoti lalikulu linagamula kuti utsi wa ng'anjo ndi umene unawapha ndipo linalamula chipukuta misozi cha K400,000 ya ku Zambia. Kampani inachita apilo, mlandu nkumakokeka mpaka 2020 pamene Supreme Court inagwirizana ndi chigamulocho nkukweza ndalamayo kufika K1 miliyoni, pa nthawiyo pafupifupi madola 50,000, ndipo majaji anadzudzulanso bungwe la boma loona za chilengedwe la ZEMA kuti silinagwire ntchito yake. Tsono taganizani a Mkonzi, ameneyo ndi DC, munthu wodziwika, banja lake linali ndi kothamangira kupeza loya, koma zinatenga zaka zoposa 6. Nanga mayi wogulitsa makala ku Kankoyo amene khanda lake linasiya kupuma usiku, angayambire pati, postmortem yake alipira ndani, ndipo ndani amene anayeza mpweya pakhomo pake ola limenelo kuti akaonetse khoti? Poti nkhani yonse imathera pamenepo, ukapanda nambala ulibe mlandu, ndipo makina oyezera amakhala mmanja mwa amene ukufuna kumusumirayo.

Apa mpamene pagona nkhani yanga. Ku Zambia malamulo analipo ndithu ndipo pa pepala ndi abwino, koma woyeza anali mwini utsi, amayeza yekha, kulemba lipoti yekha, kutumiza ku ofesi, a ofesi nkusunga mu kabati. Zili ngati kumuuza wogulitsa nyama kuti sikelo azisunga kuchipinda kwake azingotiuza kuti yakwana kilo. Komanso pali kachinyengo kena ka masamu kamene anthu ambiri sakadziwa, ka avereji. A WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, amati pa mphindi 10 mpweyawu usapyole ma microgram 500 mu cubic mita imodzi ya mpweya, ndipo pa tsiku lonse, malinga ndi muyezo wawo wa 2021, usapyole 40. Maiko ambiri muyezo wawo wa tsiku ndi 125. Tsono tiyerekeze senta wafika kwa mphindi 15 zokha ali pa 5,000, kuwirikiza ka 10 muyezo wa mphindi 10 uja, kenako mphepo yatembenuka tsiku lonse kuli mbee. Mukagawa pa maola 24 mupeza 52 basi, pansi pa 125, lipoti likuti zonse zili bwino pamene mwana ali pa oxygen ku chipatala. Kumuthira munthu kapu ya madzi owira kenako ndowa ya madzi ozizira nkumati pa avereji wasamba ofunda. Lamulo limene likungoyang'ana avereji ya tsiku kapena ya chaka ndi lamulo lotetezera kampani, mapapo sapuma avereji.

Ena amati ingomangani chumuni chachitali utsi uzipita kutali. Ku Sudbury ku Canada anayesa zimenezo, mu 1972 anamaliza chumuni cha mamita 381, mtaunimo munapepukadi koma asidi anakagwera nyanja ndi nkhalango za kutali, mpaka boma linawakakamiza kuti achepetse utsi weniweniwo, ndipo pano chumunicho anasiya kuchigwiritsa ntchito. Kutaya zinyalala kuseri kwa mpanda wa neba sikusesa.

Mwina wina anena kuti nanga ife zikutikhudza bwanji poti kuno kulibe kopa. Zoona, ndipo ndisakunamizeni, rutile ndi graphite wa ku Kasiya sachita kusungunula mu ng'anjo ngati kopa, nde sikuti mawa ku Lilongwe kugwa senta ayi. Koma sulufule ali kale pakhomo. Ku Kayelekera ku Karonga, mgodi wa uranium umene unatsegulidwa mu 2009 nkuima mu 2014 ndipo watsegulidwanso mu 2025, mwala amausungunula ndi asidi ndipo pamalopo anamangapo fakitale yootcha sulufule kuti apange asidiyo. Miyala ya rare earth imene tikuinyadira ku Songwe Hill ku Phalombe ndi ku Kangankunde ku Balaka, tsiku limene tidzati tiziiyenga mpaka kumapeto konkuno, idzafuna ma asidi ndi moto. Malasha a ku Mchenga ku Rumphi ndi ena amene mafakitale athu amaotcha ali ndi sulufule mkati, ndipo pulani ya magetsi a malasha ku Kammwamba ku Neno imangouka nkugona, kuuka nkugona, tsiku lina idzauka osagonanso. Sindikunena kuti malo amenewa akuipitsa mpweya lero, ndikunena kuti nthawi yolemba malamulo olimba ndi ino pamene konkire isanathiridwe, chifukwa fakitale ikangoima nkulemba anthu 2,000 ntchito palibe nduna imene idzalimbe mtima kuitseka, ndinaziona ndi maso anga, bambo anga omwe akanakhala oyamba kukana kuti isatsekedwe olo mwana wawo akubanika. Ndipo zachinsinsi zija si za ku Zambia kokha, pajatu mgwirizano wa Kayelekera wa 2007 anthu anadandaula zaka ndi zaka kuti sakuuona.

Tili ndi lamulo la za chilengedwe la 2017 limene linakhazikitsa MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, tili ndi lamulo latsopano la migodi la 2023. Chabwino. Chimene ine ndikupempha aphungu athu ndi a MEPA si chapatali. Kampani iliyonse imene izidzaotcha sulufule kapena malasha ambiri pafupi ndi anthu, layisensi yake inene poyera kuti fakitale yogwira mpweya iyambe kugwira ntchito tsiku limodzi ndi ng'anjo, osati zoti tipatseni zaka 5 tikonza, zaka 5 zimenezo ku Mufulira zinakwana 14. Ndipo ikaima yogwira mpweyayo ng'anjo nayo iime, pasakhale zokambirana. Makina oyezera akhale pamene pali anthu, pa sukulu, pa chipatala, pa msika wa mbali imene mphepo imalowera, osati pa geti la mabwana, ndipo ndalama yogulira ichoke ku kampani koma kiyi asunge ena, kaya a khonsolo kaya a yunivesite, MUBAS ndi MUST ana ake akungosowa pochitira practical. Nambala zake zizioneka kwa aliyense nthawi yomweyo, pa bolodi pamsika ndi pa foni, inde pa foni, ngati mitengo ya fodya ku okushoni ndi zigoli za Bullets timazidziwa mphindi yomweyo chovuta nchiyani kuti mayi adziwe kuti lero mwana asatuluke. Muyezo wa mphindi 10 ulowe mu lamulo. Anamwino a pafupi azilemba tsiku ndi ola limene odwala chifuwa achuluka kuti zizifananizidwa ndi nambala za makina aja, umboni umene a ku Kankoyo anausowa zaka zonsezi ndi umenewo.

Za faini nde musandiseketse. Faini imene kampani ingalipire ndi ndalama ya tiyi wa ku ofesi imangosanduka risiti yogulira chilolezo choipitsa, amaiika mu bajeti chaka chisanayambe. Iwawe, ikule tsiku lililonse limene apyola muyezo, ndipo gawo lina lizipita ku chipatala cha dera lomwelo osati kukasowera ku Account Number One. Chinanso chimene sitimachiganizira ndi malo. Mgodi ukatsegulidwa anthu amakhamukirako okha, uyu kagolosale, uyu ka bala, uyu nyumba za lendi, mafumu nkumagawa malo mpaka kukhoma la fakitale, pakutha zaka 10 ndi tauni, kenako kampani izidzati tinawapeza ndife kapena anatipeza ndi iwo. A za mapulani a matauni ayambe iwo kufika, aone kumene mphepo imalowera miyezi yambiri, anene kuti mbali iyi pasamangidwe nyumba olo sukulu. Ku Kankoyo nkhani yosamutsa anthu yakambidwa kuyambira ndili mnyamata, andale amaikumbuka nthawi ya kampeni, anthu akadali pompo. Mgodi womwewo unachoka kwa Glencore mu 2021 kubwerera ku kampani ya boma, mu 2024 gawo lalikulu lagulidwa ndi kampani ya ku Abu Dhabi, eni akusinthana ngati ma shifiti koma dothi lakufa lija palibe amene analinyamula.

Ndikudziwa ena awerenga izi nkumati awa ndi aja odana ndi chitukuko, ofuna tizingolima fodya mpaka Yesu adzabwere. Ayi ndithu, ine sukulu ndinaphunzira ndi ndalama ya kopa, nsapato yanga yoyamba inagulidwa ndi bonasi ya pansi pa mgodi, ndipo ndikufuna adzukulu anga adzapeze ntchito konkuno osati kukatsuka mbale ku Joni. Koma mlongo wanga uja pano ndi gogo, ali kuno ku Mchinji kumene mpweya ndi wabwino, ndipo mpaka lero sayenda opanda inhela mchikwama, wina akayatsa machesi pafupi amatembenuka nkuyang'ana kuwindo.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi, tumizani mtolankhani wanu mmodzi akafunse a MEPA kuti makina oyezera sulphur dioxide ali nawo angati, ali kuti, ndipo anawayatsa liti komaliza, yankho lake mutilembere mmene alinenere. Akamaliza akwere basi, Mchinji, Chipata, Lusaka, Kitwe, Mufulira, masiku awiri wafika, akagone ku Kankoyo sabata imodzi mwezi wa July, acheze ndi amayi a kumeneko osati a PRO oyankhulira kampani, ajambule malata ndi madimba. Asaiwale kansalu koviika.

Mwana wa ku Kankoyo,
Mchinji